Kuphunzitsa Galu Kumvera Kunyumba ndi Kumunda Komwe

Mzinda wa Mutare uli pakati pa mapiri, ndipo nkhalango ya Cecil Kop ili m'mphepete mwake. Nchifukwa chake amene amalima chimanga ndi ndiwo zamasamba ku Darlington ndi madera ena a mzindawu amasunga agalu oti aziingitsa anyani, apusi ndi akuba. Dandaulo la alimi ambiri nlakuti galu amamvera pakhomo, koma akafika kumunda amakhala ngati gonthi.

Chifukwa chake nchakuti galu saphunzira liwu palokha. Amaliphunzira pamodzi ndi malo, fungo, ndi kaimidwe ka munthu amene akulankhula. Malo akasintha, kwa iye lamulo lija limakhala lachilendo. Akatswiri amadziwa zimenezi. Agalu a bungwe la Conservation South Luangwa ku Mfuwe, amene anayamba ntchito mu 2014, amayenera kuzindikira fungo la minyanga ya njovu kapena mfuti m'galimoto, m'katundu ndi m'nyumba momwe. Ku Florida, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anasonyeza kuti agalu ophunzitsidwa bwino amazindikira mitengo ya malalanje yogwidwa ndi matenda a greening zizindikiro zisanaoneke.

Alangizi afotokozere alimi njira izi:

1. Lamulo lililonse likhale ndi liwu limodzi. Pabanja pamene ena amati "bwera" ndipo ena amati "uya" m'Chishona, agwirizane liwu loti onse azigwiritsa ntchito.

2. Yambirani pamalo a phee, kwa mphindi 5 kufikira 10 patsiku. Galu akamvera, mpatseni kachakudya nthawi yomweyo, pakuti mphotho yochedwa sadziwa kuti nja chiyani.

3. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukachoka pakhonde pitani kuseri kwa nyumba, kenaka panjira, pafupi ndi khola, pomalizira kumunda. Pamalo atsopano yambiraninso pachiyambi, galu ali pachingwe chachitali.

4. Akamvera ali pafupi, onjezani mtunda. Pambuyo pake muyeseni pamene pali nkhuku, mbuzi kapena ana akusewera.

5. Musamenye galu amene wabwera mochedwa. Iye amaona ngati wamenyedwa chifukwa chobwera, ndipo mawa sadzabweranso.

Lamulo loposa onse ndi la kubwerera. Nyani wamphongo ali ndi mano aatali oti nkung'amba galu, ndipo galu wolondola gulu la anyani m'phiri kawirikawiri amavulazidwa kapena kuphedwa. Ntchito yake njouwa ndi kuingitsa mpaka m'malire a munda, kenaka nkubwerera akaitanidwa. Galu wosamva kuitana amathyolanso mbewu ndi kuluma ziweto za anansi, ndipo mlandu umagwera mwini wake.

Pomaliza, galu wolondera munda amakumana ndi nyama zakutchire. Alandire katemera wa chiwewe akakwanitsa miyezi 3, ndipo azibwereza monga momwe alangizi a ziweto a m'dziko lanu anenera.