Malungo atha, koma mwana wasintha

Mwana akatsitsimuka atakomoka ndi malungo, mitima ya onse pakhomo imakhala pansi. Akudya phala, akuwazindikira amayi ake, adokotala amutulutsa. Koma pakapita miyezi, m'mabanja ena mumamveka dandaulo lakuti, "Mwanayu sanali chonchi." Sakhazikika, amamenya anzake popanda chifukwa, ukamutuma mchere amakathera kumpira, ndipo aphunzitsi akuti m'kalasi samva. Ena amati ndi mwano, ena amati wachita kulodzedwa. Kawirikawiri chotsatira chake ndi mkwapulo.

Vuto la mwana wotereyu nthawi zambiri limakhala mu ubongo. Kachirombo koyambitsa malungo oopsa, ka Plasmodium falciparum, kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwachititsa kumata m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Magazi amayenda movutikira, ubongo umatupa, mwana amagwa linjirinjiri kenako n'kukomoka.

Zambiri zomwe dziko lapansi likudziwa pa malungo a mu ubongowa zidachokera ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Kumeneko madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adakonza njira yoyezera kukula kwa chikomokere mwa ana aang'ono, yomwe mpaka lero imatchedwa Blantyre Coma Score ngakhale kumaiko akutali. Makina a MRI ounikira m'mutu atafika pachipatalapo mu 2008, madokotala adatha kuona ubongo wa mwana wamoyo ali chikomokere. Zotsatira zomwe Karl Seydel ndi anzake adatulutsa mu 2015 zidaonetsa kuti mwa ana 25 omwe adamwalira, 21 ubongo wawo udali wotupa kwambiri. Chigaza sichitanuka, choncho ubongo ukatupa umapanikiza tsinde lake, lomwe limayendetsa kapumidwe, ndipo mwana amangosiya kupuma.

Nanga opulumuka? Gretchen Birbeck ndi anzake adatsatira ana 132 omwe adachira malungo a mu ubongo ku Blantyre komweko. Lipoti lawo la mu 2010 lidati pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse adatsala ndi vuto: 12 adayamba khunyu, 14 adasintha khalidwe moonekeratu, pomwe ena adavutika kuyankhula, kuyenda kapena kuphunzira. Chovuta n'chakuti mavuto ena saoneka tsiku lotuluka m'chipatala. Khunyu limatha kuyamba patapita miyezi yambiri, makolo ataiwala kale za malungo aja.

Kudzigwira ndi ntchito ya ubongo, makamaka mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi. Mbaliyi ili ngati mabuleki a njinga: ndiyo imamuuza mwana kuti adikire, asatenge chamwini, amalize kaye zomwe wayamba. Imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapyola zaka 20, n'chifukwa chake ngakhale mwana wabwinobwino amachita zinthu mopupuluma. Ubongo ukavulala ali wamng'ono, mwana amatha kudziwa bwino lomwe kuti kumenya mnzake n'kulakwa, koma dzanja limapita iye asadaganize. Kumukwapula kumangoonjezera mantha ndi ukali.

Chomwe chimathandiza ndi kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kumukhazika kutsogolo m'kalasi, ndi kumuyamikira akachita bwino. Khunyu lili ndi mankhwala m'zipatala za boma, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndipo silopatsirana, ngakhale ambiri amaopabe malovu a wodwala. Mwana akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Popita kuchipatala mutenge kabuku kake ka zaumoyo, ndipo muwauze adokotala kuti mwanayo adakomokapo ndi malungo, ngakhale zitakhala kuti zidachitika zaka ziwiri zapitazo.