APHUNZITSI AGWIRIZANA POKONZA MAPHUNZIRO A KOMPYUTA PA INTANETI

Makolo ambiri m'midzi mwathu amva ana ao akukamba za phunziro la kompyuta, koma ndi ocepa amene adzifunsa kuti kodi mphunzitsi wa phunziroli iye anaphunzira kuti. Funso limeneli ndi lalikulu, pakuti aphunzitsi ambiri, makamaka acikulire, anatsiriza maphunziro ao ku koleji asanakhudzepo makina amenewa.

Tonse tikumbukira zimene zinacitika m'dziko lino m'caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba mayeso a phunziro la kompyuta kwa nthawi yoyamba. M'masukulu ena makompyuta anali ocepa ndipo magetsi anali kuzima, kotero kuti ana ena anatsiriza kulemba usiku. Kusowa kwa makina kunaonekera poyera. Koma pali kusowa kwina kumene sikuoneka msanga: makina angafike pa sukulu, nakhala m'kabati cifukwa palibe wodziwa cocita nao.

Bvutoli si la dziko lathu lokha. Ngakhale ku America aphunzitsi anakumana nalo, ndipo njira imene ena a iwo anatsata kumeneko ndiyo nkhani yathu sabata ino.

KODI SCRATCH N'CIANI?

Kompyuta ilibe nzeru zake zokha. Imacita cokhaco cimene munthu wailamula, ndipo mndandanda wa malamulo amenewo ndiwo umachedwa pulogalamu. Kale kulemba pulogalamu inali nchito ya akatswiri okha, cifukwa munthu akalakwitsa cilembo cimodzi makina amakana kumvera.

M'caka ca 1967 Bambo Seymour Papert, amene anabadwira ku Pretoria m'dziko la South Africa, pamodzi ndi anzao Bambo Wally Feurzeig ndi Mai Cynthia Solomon, anakonza cinenero ca kompyuta coyenera ana cochedwa Logo. Patapita zaka 40, mu 2007, gulu lotsogoleredwa ndi Bambo Mitchel Resnick pa yunivesite ya MIT, mumzinda wa Cambridge m'cigawo ca Massachusetts, linatulutsa Scratch. Anaikonzera makamaka ana a zaka zoyambira 8 kufika 16, ndipo siigulidwa.

Mu Scratch mwana salemba malamulo ndi manja. Malamulo ali kale pa tizidutswa tooneka ngati njerwa za mitundumitundu, ndipo nchito ya mwana ndiyo kutilumikiza monga acitira mmisiri womanga nyumba. Pagalasi la kompyuta pamaoneka kamphaka. Mwana akaika njerwa yonena kuti yenda, napitiriza ndi ina yonena kuti tembenuka madigiri 90, nazikuta zonse ziwiri ndi njerwa yonena kuti bwereza kanai, kamphaka kaja kamayenda m'mbali zinai zofanana n'kubwerera pamene kanayambira. Pamenepo mwanayo waphunzira masamu a ngodya, waphunziranso kuika maganizo ake m'dongosolo, cinthu cina pambuyo pa cinzake. Ndi njerwa zomwezo ana amapanga nthano zoyenda, nyimbo ndi masewera.

MAPHUNZIRO A MASABATA 6

 Scratch itafalikira, mu 2009 Mai Karen Brennan anayambitsa ScratchEd, bwalo la pa intaneti pamene aphunzitsi anali kufunsana mafunso ndi kugawana zimene ayesa m'makalasi mwao. Mu 2013 Mai Brennan ndi gulu lao pa yunivesite ya Harvard anakonza maphunziro aulere ochedwa Creative Computing Online Workshop. Anatenga masabata 6, m'miyezi ya June ndi July, ndipo anthu oposa 2,000 a m'maiko osiyanasiyana analembetsa, aliyense akuphunzira ali kwao.

Okonzawo sanafune kuti aphunzitsi angokhala n'kumaonerera katswiri akulankhula. Panali timafilimu tatifupi tosonyeza kacitidwe ka cinthu, ndipo pambuyo pake wophunzira aliyense anayenera kupanga kanthu ndi manja ake. Aliyense anali ndi buku lake la pa intaneti m'mene anali kulemba zimene wayesa, zimene zamukanika ndi zimene waphunzirapo, ndipo anzake anali kuliwerenga ndi kumulangiza. Masabata otsiriza anali oti munthu asankhe yekha nchito yoti aigwire, monga kukonza maphunziro a ana a m'kalasi mwake.

Zimene zinayesedwa kumeneko sizinatayike. Mu 2014 Mai Brennan, pamodzi ndi Christan Balch ndi Michelle Chung, anatulutsa buku lotsogolera aphunzitsi, lololeza aliyense kulikopera ndi kulisintha kuti liyenere ana ake. Muli nchito zonga iyi: mwana apange cinthu pogwiritsa nchito njerwa 10 zokha, kapena apatsidwe pulogalamu yolakwika dala, kuti afufuze pamene palakwika ndi kuikonza.

CIFUKWA CIANI AYENERA KUKHALA AMBIRI?

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pa nchito yokonza maphunziro a pa intaneti mau amenewa ndi oona kwambiri, cifukwa palibe munthu mmodzi amene ali nazo nzeru zonse zofunika.

Katswiri wa kompyuta amadziwa makina, koma kawirikawiri amaiwala pamene munthu woyamba kumene amapunthwa. Mphunzitsi wa m'kalasi ndiye adziwa kuti phunziro lili ndi mphindi zowerengeka, kuti ana angakhale ambiri pa kompyuta imodzi, ndiponso kuti mwana wamanyazi sadzafunsa ngakhale asanamve. Pafunikanso wodziwa kujambula mafilimu, wolemba mau osabvuta kumva, womasulira m'zinenero zina, ndi wina woyankha mafunso tsiku ndi tsiku kuti ophunzira asafooke. Pa intaneti munthu akakhumudwa amangoleka, ndipo palibe womuona pamene akucoka.

Cotero gulu lokonza liyenera kugwirizana pa mafunso angapo lisanajambule cithunzi ngakhale cimodzi. Kodi maphunzirowa ndi a yani? Kodi munthu akawatsiriza adzatha kucita ciani cimene sanali kutha kale? Kodi ali ndi nthawi yocuruka bwanji pa sabata, popeza masana ali m'kalasi? Kodi adzaphunzira pa kompyuta kapena pa foni ya m'manja? Akamvana pa zimenezi amagawana nchito, wina sabata loyamba, wina laciwiri, ndipo aliyense amapereka gawo lake kwa anzake kuti aliyese monga ophunzira. Pamene mnzako wasokonezeka ndi pamene pafunika kulembanso.

NANGA IFE KUNO?

Kukhalira pamodzi pokonza phunziro si cinthu cacilendo kwa aphunzitsi a m'Zambia. Kuyambira mu 2005, m'Cigawo ca Pakati, Unduna wa Maphunziro mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA unayamba njira yakuti aphunzitsi akonze phunziro pamodzi, mmodzi aliphunzitse anzake akupenyerera, kenaka akhale pansi kukambirana pamene pafunika kuongola. Njirayi inafalikira m'zigawo zina pambuyo pake. Mzimu wake ndi womwewo umene unali m'maphunziro a ku Harvard aja. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anthu anakumanira pa intaneti.

Komabe maphunziro okonzedwera mphunzitsi wa ku America sangangotengedwa monga ali n'kuperekedwa kwa mphunzitsi wa ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Chama. Mafilimu aatali amadya ndalama zambiri za pa foni, ndipo kumene netiweki ili yofooka satseguka n'komwe. Cotonthoza n'cakuti Scratch ingaikidwe pa kompyuta kamodzi, n'kumagwira nchito popanda intaneti. Zina mwa nchito zake zingayambe ngakhale popanda makina: mwana mmodzi aime pabwalo ngati kamphaka kaja, anzake azimulamula mapazi ndi potembenukira, mpaka aone okha kuti lamulo losamveka bwino limasoceretsa.

Pali nkhani ya cinenero. Scratch yamasuliridwa m'zinenero zoposa 70 ndi anthu ongodzipereka, ndipo pakati pa zinenerozo pali Ciswahili, Cizulu ndi Cihausa. Ici cisonyeza kuti mau a pa njerwa zija angathe kunenedwa m'cinenero ca mu Africa, ngati eni ake a cinenerocho akhala pansi n'kumvana mau oyenera. Mwana amene wamva lamulo m'cinenero ca amai ake sataya nthawi kulimbana ndi Cingelezi pamene ayenera kulimbana ndi maganizo.

Motero ngati maphunziro otere akonzedwa kuti athandize masukulu a m'midzi, mphunzitsi wa kumudzi ayenera kukhalapo kuyambira tsiku loyamba la kukonza, osati kuitanidwa zonse zitatha. Iye ndiye adziwa kuti mphamvu ya dzuwa pa sukulu pake imakwana maola angati, ndi nthano ziti zimene ana ake angakonde kuzipanga pa kompyuta.

Inunso makolo muli ndi mbali yanu. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi funsani ngati makompyuta a pa sukulu panu akugwira nchito, ndiponso ngati mphunzitsi wa phunziroli ali ndi anzake a m'masukulu oyandikana amene amakonza nao maphunziro. Ngati alibe, pemphani akulu a sukulu kuti ampatse mpata wokumana nao.