Nkhalango ya mumzinda ili ngati denga la udzu

Ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, anthu akaona malo a mitengo pamene sipanamangidwe, amati "malo aja akungokhala." Wina amayamba kuwerengera mapuloti amene angadulidwepo, wina nkhuni zowotchera uvuni wa njerwa. Sitingawadabwe. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda wa Lilongwe, pamene wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000, ndipo onsewa akufuna pogona ndi chophikira. Koma malo a mitengo sangokhala. Ali pa ntchito, ndipo ntchito yake ndi ya denga la udzu.

Amene anakulira m'nyumba yofolera ndi udzu aidziwa ntchitoyi. Mvula ikamagwa, udzu ndiwo umalandira ukali wake, madzi n'kumatsetsereka mofatsa kukagwera kutali ndi khoma. Mitengo imateronso ndi nthaka. Masamba ake amaphwetsa mphamvu ya madontho, masamba ofota amene aunjikana pansi amamwa madzi, mizu imamanga dothi ndi kuboola tinjira toti madzi alowere pansi. Madzi amenewo ndi omwe timatunga m'zitsime ndi pamijigo dzuwa la Okutobala likafika.

Denga la udzu silitha tsiku limodzi, limatha ndi kusolola. Mayi wasowa choyatsira moto m'mawa, wasolola kadzanja kamodzi m'mphepete. Mawa lake mwana wasololanso kake. Palibe amene amadziona kuti akupasula nyumba, chifukwa chilimwe chonse m'nyumba muli gwa. Nkhalango imapita momwemo: puloti imodzi m'mphepete, uvuni umodzi, thumba limodzi la makala, ngolo imodzi ya mchenga wokumba pagombe la mtsinje. Aliyense watengako pang'ono, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka.

Denga lalikulu la Lilongwe ndi Dzalanyama, nkhalango ya m'mapiri a m'malire ndi Mozambique, imene inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922 ndipo ndi ya mahekitala pafupifupi 99,000. Mtsinje wa Lilongwe umachokera kumeneko, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kenako Lilongwe Water Board imayeretsa madziwo ndi kuwatumiza m'mipopi. Ndowa imene mayi wa ku Chinsapo amagula pakiyosiki inayambira ulendo wake pansi pa mitengo ya ku Dzalanyama. Makala ambiri amene njinga zimalowa nawo m'tauni mbandakucha amachokeranso komweko. Mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akalondere nkhalangoyo, koma msilikali sangaimirire pa mtengo uliwonse pamene mbaula za m'tauni zikudikira makala.

Kudontha kumaonekera dzinja. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho madzi analowa m'nyumba ku Kawale ndi ku Biwi. Ku Blantyre zinafika poipa mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula dothi ndi miyala paphiri la Soche, lomwe anthu anali atadula mitengo ndi kumanga nyumba mpaka m'mwamba, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Chinsapo alibe phiri lotere, koma ali ndi makhwawa ndi magombe a mitsinje, ndipo madzi osowa polowera amathamangira kumene kuli kotsika, kumene amamanga anthu osauka.

Pali pamodzi pamene nkhalango imasiyana ndi denga. Nyumba ikadontha, mwini wake amamweta udzu chilimwe chimodzi n'kufoleranso. Muwanga, msuku kapena mombo sizibwerera m'chaka chimodzi. Zimafuna zaka makumi. N'chifukwa chake kusunga mtengo umene ulipo kale kumaposa kubzala mbande zana limodzi zimene mbuzi zidzadya Epulo asanathe. Ngakhale chitsa cha mtengo wachilengedwe, chikatetezedwa ku moto ndi ku nkhwangwa, chimaphukira msanga chifukwa mizu yake ndi yokhwima kale.

Nanga mitengo imene yapulumuka yapulumuka bwanji? Yang'anani kumanda. M'chigwa chonse cha Lilongwe, mukaona msitu wowirira pakati pa minda kapena nyumba, kawirikawiri ndi manda, ndipo kwina ndi komwe kuli dambwe la Gule Wamkulu. Palibe mpanda wa waya, koma palibenso wolowako ndi nkhwangwa, chifukwa malire ake aliyense amawadziwa, mwini wake ndi mfumu, ndipo wolakwa amalipa. Nkhalango ya Lilongwe Nature Sanctuary, m'mbali mwa Lingadzi pakati pa Old Town ndi City Centre, yapulumukanso pa zifukwa zomwezo: ili ndi malire olembedwa ndi oiyang'anira. Mitengo imatha pamene malo ndi a aliyense koma woyankhapo palibe.

Lamulo la zankhalango la 1997 limalola mfumu, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango, kupatula malo kuti akhale nkhalango ya mudzi ndi kusankha komiti yoisamala. Mafumu a ku Chinsapo, makhansala, mipingo ndi makomiti a sukulu asadikire mwambo wobzala mitengo wa mu Disembala. Ayende ndi anthu awo, aloze mitengo imene yatsala m'mbali mwa mitsinje, pasukulu ndi kumanda, aike zizindikiro za malire, alembetse malowo kukhonsolo ya mzinda, ndipo agwirizane chindapusa. Inunso ogula puloti, funsani kaye ngati malowo si a m'gombe la mtsinje kapena a msitu wa mudzi musanapereke ndalama.