Kodi mumadziwa? Nthenda ya mitsempha ya mu ubongo yoyenda m'mtundu

Ilipo nthenda ina yosapezekapezeka, dzina lake CADASIL, imene imayenda m'magazi a mtundu, kotero kuti kholo limodzi likakhala nayo, pafupifupi theka la ana ake amaitenga. Makoma a timitsempha ta magazi ta mkatikati mwa ubongo amanka nakhuthala, magazi nayenda movutika, ndipo munthu amene paunyamata wake ankangodandaula mutu waching'alang'ala amayamba kufa ziwalo asanamere imvi, pambuyo pake nzeru zake n'kuyamba kuzilala, chimene chili chowawa koposa kwa abale omusamala.

M'chaka cha 1976 dokotala wa ku Paris, mayi Marie-Germaine Bousser, anazizwa ndi bambo wina wogwidwa sitiroko popanda chifukwa chodziwika; koma kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti panapita zaka 20, iwo pamodzi ndi ofufuza anzawo Elisabeth Tournier-Lasserve ndi Anne Joutel akusanthula mabanja limodzilimodzi, kufikira mu 1996 pamene anapeza gwero la nthendayi mu jini yotchedwa NOTCH3. Lero nthendayi imazindikirika poyeza magazi ngakhale kachidutswa ka khungu. Mankhwala ochiza sanapezekebe, koma madokotala amalangiza odwala kuti fodya amutaye kutali ndi kuyezetsa kuthamanga kwa magazi kawirikawiri.