Ndarama za Chuti ndi Penshoni za Azungu a Boma

M'masiku a Boma la Angerezi, Mzungu wa nchito ya Boma akatha zaka zingapo anali kupita kwao ku Mangalande pa chuti, ndipo akakalamba anali kupuma nchito nalandira penshoni. Tsono panali funso lobvuta. Munthu amene anagwira nchito m'dziko la ndarama zina, adzalandira mapaundi angati kwao? Nanga ndarama ya dzikolo ikacepa mphamvu, adzataya ndani?

Mlandu umenewu unakula kwambiri ku India. Ndarama ya kumeneko inali rupiya ya siliva, koma paundi ya ku Mangalande inatsamira pa golide. Cisanafike caka ca 1873, rupiya imodzi inali kusinthidwa ndi ndarama pafupifupi 2s. Pambuyo pace mtengo wa siliva unagwa, ndipo pofika 1894 rupiya inatsika kufikira pafupifupi 1s. 1d.

Taonani tsono cimene cinacitika. Akuluakulu a Indian Civil Service anali kulandira penshoni ya £1,000 pa caka, ndipo inali kulipidwa m'mapaundi. Poyamba Boma la India linali kupereka marupiya 10,000 kuti lipeze mapaundi amenewo, koma rupiya itagwa linapereka oposa 18,000. Mwini penshoni sanataye kanthu. Zoonjezerazo zinacokera m'misonkho ya anthu a ku India.

Azungu amene anali akali pa nchito anadandaula, cifukwa malipiro ao anali m'marupiya, cikhalireco ana ao anali pa sukulu ku Mangalande. Mu 1893 Boma linawaonjezera ndarama yocedwa Exchange Compensation Allowance, nayonso yocokera mu msonkho. Pofika 1899 rupiya inakhazikika pa 1s. 4d., ndiye kuti marupiya 15 pa paundi.

Kuno ku Northern Rhodesia bvuto lotere silinaoneke, popeza paundi yathu inali yolingana ndi ya ku Mangalande. Bwana Disi ali pa chuti anali kulandira ndarama zace ku London mwa a Crown Agents, paundi pa paundi. Zinasintha mu November 1967, Zambia atalandira kale ufulu, pamene Angerezi anatsitsa paundi yao koma Zambia sanatsitse yace. Paundi ya Zambia inafika pa £1 3s. 4d. ya ku Mangalande.

Cifukwa cace polemba mapangano a penshoni anthu anali kulimbana kwambiri pa mau onena za msintho wa ndarama. Mau owerengeka amenewo ndiwo anali kuweruza amene adzasenza katundu, wopuma nchito kapena wokhoma msonkho.