Zimene kuseri kwa diso kukutiuza za long COVID

Pakati pathu pali anthu amene anadwala COVID-19, kachilombo n'kuchoka, koma mphamvu osabwerera. Amatopa msanga, amabanika akakwera kaphiri, amaiwalaiwala. Mu October 2021 bungwe la WHO linafotokoza vutoli kuti ndi zizindikiro zimene zilipobe patatha miyezi itatu chiyambireni matendawa, zakhala miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo palibe matenda ena amene angazichititse. Ambiri amalitchula kuti long COVID.

"Anachira kalekale, umenewu ndi ulesi basi"

M'pomveka kuti timatero, chifukwa munthuyo amaoneka wabwinobwino ndipo magazi ake akayezedwa nthawi zambiri sapezeka ndi kanthu. Koma kuseri kwa diso kuli retina, kachikopa kopyapyala kolandira kuwala, ndipo pamenepa dokotala amatha kuona timitsempha ta magazi popanda kucheka thupi. Mu 2023 ofufuza a ku Technical University of Munich ku Germany anafalitsa zimene anapeza atawalitsa nyali yothwanimathwanima m'maso mwa odwala long COVID. Mitsempha ya munthu wathanzi imafutukuka ikaunikiridwa motero, kuti magazi ochuluka adutse. Ya odwalawa inkafutukuka pang'ono, ndipo timitsempha tobweretsa magazi tinali tating'ono kuposa ta anthu athanzi. Ku Erlangen nakonso, ku Germany komweko, makina ojambula diso a OCT-A anaonetsa kuchepa kwa timitsempha mu retina ya odwala otere. Ulesi sungachepetse mtsempha.

Mawu oti ndi ulesiwa amavulaza kwambiri. Mayi amene akunenedwa ulesi amadzikakamiza kukalima kapena kukatunga madzi kuti asachititse manyazi banja, kenako amagona masiku angapo atatheratu. Kwa odwala ambiri a long COVID, ndiponso a matenda otopetsa a ME/CFS, kudzikakamiza kumakulitsa matenda. N'chifukwa chake mu 2021 bungwe la NICE la ku Britain linasiya kulimbikitsa odwala ME/CFS kuti aziwonjezera masewero olimbitsa thupi mwandondomeko yokhazikika.

"Bola maso akuona, mitsempha ili bwino"

Kusintha kwa mitsempha ya m'diso kumeneku n'kwakung'ono kwambiri, ndipo ambiri amene ali nako amawerenga ndi kuyenda popanda vuto la maso. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi nawonso amawononga retina mwakachetechete kwa zaka munthu asanazindikire. Amene amadikira kuti maso ayambe chidima ndiye apite kuchipatala amafika zinthu zitaipa kale.

"Ndikangojambulitsa diso ndidziwa ngati ndili ndi long COVID"

Wodwala amene sakhulupiriridwa amafuna umboni woti aonetse abale ake, ndipo sitingamudzudzule. Komabe kafukufuku wa ku Munich ndi ku Erlangen uja anayerekeza magulu a anthu ochepa, ndipo kusiyana kumaoneka pa gulu lonse, osati pa munthu aliyense payekha. Kuthamanga kwa magazi ndi ukalamba nazonso zimachepetsa timitsempha timeneti. Chithunzi cha diso pachokha sichingatsimikize kapena kutsutsa long COVID, ndipo amene angatilipiritse ndalama potilonjeza zimenezi akutinamiza. Choopsa china n'chakuti tikamati kutopa kulikonse ndi COVID-19, tikhoza kuphonya shuga, kuchepa kwa magazi, TB kapena HIV, matenda amene ali ndi mankhwala ake.

"Poti vuto laoneka m'diso, tithiremo mankhwala"

Diso likungotionetsa zimene ofufuza akuganiza kuti zikuchitikanso m'timitsempha ta ziwalo zina, moti kuthira chilichonse m'diso sikungachotse kutopa. Timathira madzi a masamba kapena mkaka wa m'mawere chifukwa ndi zimene tinaona makolo akuchita, ndiponso chipatala chimakhala kutali. Koma kafukufuku wa m'midzi ya ku Malawi wa m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu alionse odwala zilonda za pagalasi la diso anali atathiramo mankhwala achikuda. Chilonda chotere chikasiya chipsera, munthu akhoza kukhala wosaona moyo wake wonse.

Ngati diso lasiya kuona mwadzidzidzi, kapena mukuona ngati nsalu yatchinga mbali imodzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Amene muli ndi shuga, kayezetseni maso kamodzi pachaka ngakhale mukuona bwino.