Beaver: matola wa m'mwamba wa injini ya kaunjika

Anzanga a mumsika, lero za mitengo ya tomato ndi matikiti a msonkho tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambe za kandege kakale, ka injini imodzi, ka mphuno yobulungira ngati mphika, dzina lake Beaver. Achikulire a ku Mzuzu ndi ku Karonga akukadziwa. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Central African Airways inkatumiza tindege timeneti kumpoto pa mabwalo a fumbi, ndipo Air Malawi itayamba mu 1964 inalandirako ma Beaver pamodzi ndi ma Dakota.

Kwawo kwa kandegeka ndi ku Canada, ku kampani ya de Havilland. Nkhondo yachiwiri itatha, maoda a ndege za asilikali anauma, ndiye mabwana anayamba kusaka kasitomala wina. Anampeza kuthengo: mapailoti onyamula katundu kupita ku migodi ndi ku midzi ya kumpoto kwa dzikolo, komwe kulibe msewu, kuli nyanja ndi chipale chokhachokha. Apa ndi pomwe ine ndimawavulira chipewa. Asanajambule kanthu, anatuma Punch Dickins, yemwe naye anali pailoti wa kuthengo, kukafunsa anzake kuti akufuna ndege yotani. Tangoganizani, kufunsa mwini ntchito! Kwathu kuno shedi ya msika imamangidwa mpaka kutha, wogulitsa nsomba osafunsidwa ngakhale kamodzi komwe kasitomala amadzera.

Mapailotiwo sanapemphe za manyado. Ati tipatseni mphamvu, ndege inyamuke pa kabwalo kakafupi itasenza. Atawachenjeza kuti mapiko aatali otero aichedwetsa, anayankha kuti bola ipose ngolo yokokedwa ndi agalu, poti mpikisano wawo unali umenewo. Anapemphanso zitseko mbali zonse ziwiri, kuti ikakocheza padoko katundu atsikire kulikonse, ndipo zikhale zazikulu moti diramu ya malita 200 ilowe chilili kapena chogona. Inu amene munalimbanapo ndi bandulo la zovala pakhomo la minibasi, kondakitala akukukalipirani, mukumva chomwe ndikunena.

Zinanso ndi zazing'ono koma zanzeru. Mathanki a mafuta anawaika kumimba, pothirira pali mmunsi, kuti munthu asamakwere pa phiko loterera kukuzizira. Pothirira oyilo pali mkati momwe amakhala pailoti, moti angathe kuonjezera ndege ili m'mwamba. Miyendo yake mumasankha nokha: matayala, zoyandamitsa zoterera panyanja, kapena zotsetserekera pa chipale.

Nanga za kaunjika zikubwera pati? Poyamba ankafuna kuikamo injini ya ku Mangalande, koma inali yochepa mphamvu. Kenaka a Pratt & Whitney anati ali ndi mainjini otsala kunkhondo, otchedwa Wasp Junior, a masilinda 9 ndi mahosipawa 450, pa mtengo wozizira. A de Havilland sanachite manyazi, anatola. Injini imeneyo ndi yomwe inapatsa Beaver mphamvu zonyamuka ngati nkhwali, kaya ndi anthu 6 kumbuyo kaya ndi madiramu. Liwiro ndiye ayi, makilomita ongopitirira 200 pa ola, ndipo phokoso lake mkatimo simungamvane ndi mnzanu.

Yoyamba inauluka pa 16 Ogasiti 1947, woyendetsa ali Russ Bannock. Malonda anayamba mwaulesi, mpaka pomwe asilikali a ku America anaikonda n'kugula zoposa 900, zina n'kukagwira ntchito ku nkhondo ya ku Korea. Kasitomala mmodzi wa pikulitsa anadzutsa bizinesi yonse. Pomwe ankasiya kupanga mu 1967, zinali zitakwana 1,657, ndipo mu 1987 a ku Canada anaiika m'gulu la zinthu 10 zopambana zomwe mainjiniya awo anapanga m'zaka 100.

Air Malawi yomwe inali nazo ija inatsekedwa mu 2013, koma ma Beaver mazanamazana akuulukabe, makamaka ku Alaska ndi ku Canada, ena a zaka zoposa 60. Eni ake akawonongeka sataya, amaphwasula n'kumanganso, chifukwa ndege ina yogwira ntchito yomweyo ndi yosowa. Mu 2006 kampani ya Viking Air inagula ziphaso za mapulani ake kuti masipeyala asasowe. Ndipo pa 10 Disembala 2019, kampani ya Harbour Air ya ku Vancouver inatenga Beaver yakale, n'kuchotsa injini ya petulo ija, n'kuikamo mota ya magetsi ndi mabatire. Inanyamuka pamadzi n'kuuluka kwa mphindi zingapo, anthu ataima m'mbali mwa mtsinje kuonerera.